Anyezi ndi Kachubu ka M'diso Langa

M'diso langa lamanja muli kachubu. Izi n'zoona, ngakhale anthu kwathu kwa Mkhumba anasiya kalekale kukhulupirira zotuluka pakamwa panga. N'kowonda ngati ulusi wosokera, koonekera ngati madzi, ndipo kumbuyo kwake kuli kambale kakang'ono komwe madokotala anasokerera pamwamba pa diso, kunsi kwa chikope. Ndikakweza chikope n'kuyang'ana pansi, pamaoneka kachotupa ngati njere ya nandolo.

Ntchito yake ndi kutulutsa madzi. Diso la munthu aliyense limapanga madzi m'kati mwake n'kumawataya lokha kudzera m'tinjira tosaoneka. Ine ndinabadwa tinjirato tili totseka. Madzi akasowa kotulukira amadzaza, diso limafufuma, ndipo mtsempha umene umapereka uthenga ku ubongo umafa pang'onopang'ono. Ukafa wafa, suuka. Achipatala amati gulokoma. Diso langa lamanzere linapita choncho ndili khanda. Lilipo, limaphethira, koma n'lokongoletsa nkhope basi.

Amayi amanena kuti ndili wakhanda azimayi a pamjigo ankandilimbirana. Aliyense ankafuna kunyamula mwana wa maso aakulu ngati a gwape. Misozi ikamayenderera, ankandidonthezera mkaka wa m'mawere. Ndikabisa nkhope kuthawa dzuwa, ankaseka kuti ndidzakhala mkazi wamanyazi. Pa zonse zimene analosera, iyi ndiyo inawalaka kwambiri.

Amene anadzalamula kuti andipititse ku chipatala chachikulu ku Blantyre anali amalume, mchimwene wawo wa amayi. Kwathu kuno mwana sakhala wa bambo ake. Bambo ndi mkamwini, anangobwera kudzakwatira. Nkhani zikuluzikulu za mwana, za ukwati, za maliro, za mpeni wa dokotala, zimadikira mawu a mwini mbumba. Amalume anga si munthu woopsa. Amakonza njinga patsinde pa mtengo wa mango pamsika, ali ndi mimba yotsogola, ndipo ku kwaya amaimba besi yogwedeza malata. Koma kuyambira pomwe ndinabwerako ku opaleshoni yoyamba diso lamanzere lisakuona, iwo anagwira mfundo imodzi: mpeni ndi umene unadya disolo, ndipo anavomereza ndi iwo. Madokotala anafotokozera amayi kuti disolo linali litafa kale, amayi anadzanena kunyumba, koma amalume sanamve. M'chipinda cha dokotala sanalowemo ndi kale lomwe.

Opaleshoni yoyambayo inali yotsegula tinjira tija, ndipo inagwira ntchito zaka zingapo. Nditayamba pulayimale madzi anayambanso kudzaza, ndiye anaika kachubu. Ndili pafupi kulemba mayeso a Sitandade 8, mnofu unakhuthala mozungulira kambale kaja, madzi n'kumavutika kudutsa, ndinabwereranso kukagona patebulo. Nthawi zonsezi amalume ankaloleza atayang'ana kumbali. Ankati: "Uyu analowa kale m'manja mwawo. Wanyowa kale sathawa mvula." Mpaka lero ndimadontheza mankhwala m'mawa ndi madzulo, ndipo pakapita miyezi ingapo ndimapita kukayezetsa. Kachubu sikachiritsa. Kamangolondera zimene zatsala.

Koma kamagwiranso ntchito zina zimene madokotala sanaziganizire. Ana a Fomu 1 akangofika pasukulu pathu, ndimawasonkhanitsa kuseri kwa labu, n'kukweza chikope. Ndimawauza kuti ndi kamera, ndipo zonse zimene ndaona zimafika pafoni ya ahedi. Chaka chatha mnyamata wina anabwera yekha kudzaulula kuti ndiye anaba choko, ine ndisanamufunse n'komwe. Ndinamukhululukira atagula zitumbuwa.

Amalume ndiwo munda wanga weniweni. Ali ndi beseni la madzi akuda bii momwe amaviika chubu cha njinga pofuna kuona pobowoka. Tsiku lina ndinagula mlamba wamoyo kwa asodzi ochokera ku Chilwa n'kuuika m'menemo. Anapisa manja onse awiri akuimba nyimbo ya kwaya. Besi ija inasanduka sopulano, ndipo anthu ogulitsa makaka kutsidya la msewu amaikumbukabe.

Ndanena izi kuti mumvetse chifukwa chake tsiku limene ndinanena zoona panalibe wondimvera.

Achemwali anga, amene ndinawapondera pamutu, anabereka mwana wamwamuna. Miyezi yoyamba zonse zinali bwino. Kenako ndinayamba kuona kuti akangotuluka naye panja, mwanayo ankakwirira nkhope pachifuwa. Misozi inkangoyenderera asakulira. Pakuda pa diso panali patakula, ndipo pamwamba pake panali kachifunga ngati madzi otsukira mpunga. Azimayi a pamjigo aja, ena a iwo omwewo, anayambanso nyimbo yawo: "Koma maso! Uyu akazi adzamenyana."

Ndinauza achemwali. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Iwe wayamba. Ukufuna aliyense akhale ndi kamera?"

Amayi anali ataona kale ine ndisanaone. Anapita kwa amalume madzulo ena, n'kukhala pansi pambali pa njinga zopanda matayala. Ine ndinali kuseri kwa mtengo wa mango, monga mwa ntchito yanga.

"Achimwene, mdzukulu uja maso ake akufanana ndi a mwana wanga wa kachubu uja."

"Ndi chibadwa. Banja lathu ndi la maso aakulu."

"Sakuyang'ana dzuwa."

"Dzuwa amaliyang'ana ndani? Mlongo wanga, diso limodzi ndinapereka kale ndi pakamwa panga. Lina ayi."

Amayi anabwerera kunyumba. Alamu anga, bambo wa mwanayo, ndi munthu wofatsa amene amakhalira kuoloka malire kukagula nandolo ku Mozambiki. Nditawapanikiza anangoti, "Mlamu, ine pamudzi pano ndine mlendo. Ndikatenga mwana wa eni n'kukamupweteketsa, ndidzathawira kuti?" Ku sikelo achemwali ankapita, koma mwana ankamufunditsa nsalu kumaso, iye n'kukhala atatsinzina, ndipo iwo sankanena kanthu. Ankaopa amalume, ankaopa mpeni, ankaopanso kumva dzina la matendawo.

Ine ndinkadziwa chinthu chimodzi chimene ndamva kuchipatala moyo wanga wonse: matendawa sadikira kuti akuluakulu agwirizane.

Nzeru inabwera nthawi yokolola mpunga. Amayi anapita kudambo la kufupi ndi Chilwa kukathandiza mng'ono wawo, ulendo wogona konko masiku angapo. Ndinakhala pakhonde n'kuika zinthu mu mzere. Kuchipatala munthu sapita wopanda gadiyani, womudikirira uja. Gadiyani wa mtsikana amakhala mzimayi, chifukwa mwamuna sangagone ku wodi ya akazi. Amayi kulibe, ndiye watsala ndani? Achemwali. Ndipo mayi woyamwitsa sasiya mwana ngakhale akupita kumaliro. Amalume anakana kuti mwana apite kukaonedwa, koma sananene kuti asaberekedwe kumsana.

Panalinso china. Amalume diso langa lamanja amaliopera kuposa sipanala zawo. Chenjezo la madokotala analiloweza pamtima ngati vesi: mutu ukawawa kwambiri, akasanza, akayamba kuona utawaleza mozungulira kuwala, musadikire, thamangani naye kwa ife.

M'mamawa ndinatenga anyezi wamkulu m'dengu la amayi, kumudula pakati, kumukulunga m'kona ya chitenje. Kudiso sindinamuyandikitse ayi, ndine wopulupudza koma si chitsiru. Ndinkangonunkhiza, misozi n'kumabwera yokha. Ndinasakaniza phala lotsala ndi nandolo wotafuna n'kukhuthula kuseri kwa nyumba. Kenako ndinagona pamphasa n'kuyamba kubuula.

Vuto loyamba linali galu wathu. Achemwali asanatuluke n'komwe, iye anali atayamba kale kudya umboni. Ndinachita kudzuka, kumugenda, n'kubwereranso kudzamwalira.

Achemwali anathamanga kukaitana amalume. Anabwera manja ali girisi yekhayekha, n'kuima pakhomo.

"Iwe. Ukandinamiza lero, ndikukolowekera pamtengo uja pamodzi ndi matayala."

"Mutu, amalume. Ngati akukhoma msomali."

Ananunkhiza m'mwamba. "Bwanji muno mukununkha anyezi?"

Ndinayankha ndi kugwira pamimba n'kukwawira kukhomo. Kenako ndinayang'ana kuwala kolowera pawindo n'kufunsa ndi mawu a munthu wopita: "Achemwali, mvula yagwa kodi? Nanga utawalezawu?"

Amalume sanafunsenso za anyezi. Ndinaona mimba ija ikuthamanga, chinthu chimene ndinali ndisanaonepo. Posakhalitsa panafika njinga yamoto. Iwo eni ndi amene anauza achemwali kuti, "Bereka mwanayo, uperekeze mng'ono wako. Fulumira!"

Anthu amaganiza kuti chovuta pa bodza ndi kuliyamba. Chovuta ndi kulisamala mu minibasi kuchokera ku Phalombe mpaka ku Limbe. Ndinabuula phiri la Michesi likuoneka, ndinabuula litabisika. Pasiteji iliyonse anyamata ankalowetsa tchipisi ndi mazira pawindo, pansi pa mphuno yanga penipeni, ndipo munthu amene wasanza m'mawa sangapemphe tchipisi. Achemwali ankalira mwakachetechete. Mayi wina wa chitenje cha mvano anandigwira pamutu n'kuyamba kupemphera, ena n'kumavomera. Anthu amandifunsa ngati pamenepo chikumbumtima sichinandigunde. Chimene chinkandigunda ndi njala.

Dokotala amene amandiona ndi mayi wamfupi, wa magalasi olendewera pachingwe, ndipo anandidziwa ndisanamere mano. Anandilowetsa msanga. Anadontheza mankhwala ochititsa dzanzi, n'kugunditsa kachida koyezera padiso, n'kuwerenga. Anayezanso kachiwiri. Kenako anavula magalasi.

"Diso lako lili phee, kachubu kakugwira ntchito ngati katsopano. Ndipo mtsikana iwe ukununkha ngati ndiwo."

"Adokotala, wodwala si ine. Wodwala ali kumsana kwa gadiyani."

Achemwali anandigwira khutu mwakuti ndinaona utawaleza weniweni. "Mfiti iwe! Ine kulira njira yonse! Anthu kupemphera!"

Adokotala anali akuseka, koma anati, "Poti mwafika kale, mayi, tamutembenuzani ndimuone mlendoyo." Achemwali anazengereza, kenako anamasula nsalu. Tochi itangowala, mwana anakuwa n'kukwirira nkhope m'khwapa. Adokotala anasiya kuseka. Anatseka makatani, n'kumuyang'ana m'kamdima nthawi yaitali.

"Ndi maso onse awiri. Tiyenera kumugoneka tulo kuti tiyeze bwino, ndipo ngati zili momwe ndikuganizira, timupange opaleshoni pomwepo. Si nkhani ya mukakolola. Ndi ya masiku ano omwe."

Achemwali anakhala pansi, pasimenti. "Sindingavomere popanda mawu a amalume."

Adokotala sanadabwe, zikuoneka kuti amalume a anthu ena anawazolowera. Anangoti, "Aitaneni."

Achemwali anaimba foni n'kunena zonse, za anyezi zomwe. Ine ndinali pambali ndikudya tchipisi potsiriza. Yankho lochokera ku Phalombe ndinalimva ngakhale foni inali pakhutu la wina.

Amalume anafika tsiku lotsatira ndi minibasi yoyamba, atavala jekete la ku tchalitchi. Ine sanandiyang'ane. Analowa m'chipindamo, kuvula chipewa, kupereka moni mwaulemu wonse, n'kunena kuti, "Ndabwera kudzatenga ana anga. Mtsikanayu ndi wabodza, ndikathana naye kunyumba. Wamng'onoyu mumusiye momwe Mulungu anamupangira. Ndinakupatsani mwana wa maso awiri, munandibwezera wa diso limodzi."

Ndinkayembekeza kuti adokotala awakalipira. M'malo mwake anandilozera pampando wa makina oonera m'maso, aja umaika chibwano pakachitsulo. Anayatsa kuwala, kukonza bwino, n'kudzuka pampando wawo.

"Bambo, tabwerani muone katundu wanu. Mwakhala mukuvomereza zaka zonsezi osamuona."

Amalume anakana kaye. Koma munthu wokonza zinthu ukamuuza kuti suzumira umu, sapirira. Anakhala pansi, mpando n'kulira, n'kuyandikitsa nkhope. Ndinkaona diso lawo lokha kuseri kwa kuwalako.

"Palibe chimene ndikuona... dikirani. Kachubu kaja ndi aka? Kakang'ono chonchi?"

"Ndi komweko."

"Ine ndinkayesa ndi chinthu ngati vavu ya njinga." Anasuzumiranso. "Zaka zonsezi osachita dzimbiri?"

"Si kachitsulo."

"Nanga kakatsekeka?"

"Timatsegula. Zikakanika timaika kena pambali."

"Mwana akamakula, diso silikula? Sikafupika?"

"Nthawi zina kamafupika kapena kusuntha. N'chifukwa chake timafuna azibwera tizimuona, ngakhale pamene palibe chowawa. Ntchito iyi siitha, bambo. Ndi ya moyo wonse."

Amalume anagwedeza mutu monga amachitira munthu akabwera ndi njinga yakale koma yosamalidwa. Kenako anafunsa funso limene ndikuganiza kuti linawakhala pakhosi kuyambira ndili khanda. "Nanga lamanzereli?"

Adokotala anasunthira kuwala kudiso linalo. "Ili linafika kuno litafa kale. Madzi anali atalifufumitsa miyezi yambiri. Lamanjali linali m'njira yomweyo, koma munalifikitsa likadali ndi moyo. Mukanakana tsiku lija, mtsikanayu bwenzi akuyenda ndi ndodo."

Pamenepo ndinaona kuti ndi bwino ndithandizepo. "Amalume, tayala likaphulikira panjira, mlandu umakhala wa amene wabwera ndi chigamba?"

"Tseka pakamwa, iwe anyezi."

Anadzuka n'kutuluka. Tinawapeza pabenchi panja, akuzunguza chipewa m'manja. Anatambasula manja, achemwali n'kuwapatsa mwana. Dzuwa linali litafika pabenchipo, mwana n'kuyamba kuthawa nalo monga mwa masiku onse. Amalume anamutchinga ndi chipewa, n'kumuyang'ana m'maso mumthunzimo. Mwanayo anatsegula pang'ono, maso aakulu aja, a chifunga.

"Awa si maso a banja lathu," anatero pansipansi. Kenako kwa achemwali: "Pita ukawauze. Unene kuti mwini mbumba walola. Ndipo unene kuti ndikhala pompano mpaka atuluke."

Anakhaladi. Anagona pakhonde la magadiyani aamuna, jekete la ku tchalitchi lili pilo.

Mwanayo anamutsegula tinjira m'maso onse awiri. Chifunga chija chinayamba kuchoka. Diso limodzi linagwira mpaka lero. Linalo patapita chaka madzi anayambanso kukwera, ndipo anamuika kachubu ngati kanga. Amavala timagalasi tomangira ndi lamba kumbuyo kwa mutu, timene amataya m'munda wa nandolo pafupifupi tsiku lililonse. Masiku oyezetsa timapita limodzi, ndipo gadiyani wathu tsopano ndi amalume, amene amalowa m'chipinda asanaitanidwe n'kupempha kusuzumira.

Amayi atabwerako kudambo anamva nkhani yonse. Funso lawo linali limodzi: "Anyezi wanga wamkulu uja ndi ameneyo?" Madzulo ake anandiikira m'mbale mutu wa nsomba, umene nthawi zonse umapita kwa alamu.

Chilango sichinalephere. Holide yonse ndinaipopera matayala patsinde pa mango, ndi pampu yolimba imene amalume amasungira makasitomala achipongwe. Tsiku lina anandifunsa ngati ndalapa. Ndinati inde, ndikanadziwa ndikanadyeratu m'mawa uja.

Mwezi wathawu ndinaona kuti amalume ayamba kuiwala kuti ndine ndani, ndiye ndinagulanso mlamba. Ndinauika m'beseni iwo atapita kukagula zigamba. Madzi anali akuda ngati kale, mlamba unagona pansi osagwedezeka, ine ndinakhala pabenchi ngati mwana wabwino. Amalume anabwera, kupinda malaya, kutenga chubu, kuyamba nyimbo. Zala zinali zitatsala pang'ono kukhudza madzi.

Kamnyamata kaja kanali kakusewera ndi masipoko pambali. Kanadzuka, kuyenda mwa pendapenda mpaka pabeseni, kusuzumira ndi timagalasi take, n'kuloza ndevu ziwiri zimene zinkangotulukira pang'ono pamwamba pa madzi.

"Somba! Agogo, somba!"

Amalume anabweza manja pang'onopang'ono. Anayang'ana beseni, kuyang'ana mwana, kenako ine. Mlamba uja anaudya okha madzulo, ine osandigawira ngakhale mchira.